Funsani Dokotala: Nambala ya pa makina a CPAP siyobwerekana

Funso: Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 47 ndipo amayendetsa thiraki. Akagona amaliza mkonono koopsa, kenako amangoti zii ngati asiya kupuma, n'kudzidzimuka akubanika. Ali ku Joni anawayeza n'kuwauza kuti ali ndi sleep apnea, matenda obanika m'tulo, nambala yawo ndi 34. Makina atsopano a CPAP, othandiza kupuma pogona, ndi odula, ndiye alamu anga anatipatsa awo. Pa sikirini pamalemba 14. Bambowa akamadzuka mimba imakhala ili ndii, amangogeya, ndipo masiki imaliza mluzu usiku wonse. Dzana anaivula cha m'ma 1 koloko, amvekere bola mkonono. Kodi titsitse pa 14 paja tiike pa 7? Mayi a ku Mwanza.

Yankho: Mayi, 14 ameneyo ndi wa alamu anu. Anapezeka poyeza khosi lawo, ndipo khosi la amuna anu ndi lina. Komanso 7 mukumunenayo mwangomutola m'mutu.

Nambala ziwiri mwatchulazi zimasokoneza anthu ambiri. 34 uja amatchedwa AHI, ndipo akutanthauza kuti pa ola lililonse la tulo, mpweya umaima kapena kuchepa kwambiri ka 34, ulendo uliwonse kwa masekondi 10 kapena kuposa. Kuyambira 5 kufika 15 timati vutolo ndi laling'ono, 15 kufika 30 ndi lapakati, kupyola 30 ndi lalikulu. Munthu woyendetsa thiraki msewu wa ku Tete ali ndi 34 asasiye makina, chifukwa kusinza pa chiwongolero sikuchenjeza.

14 ndi mphamvu ya mpweya umene makina akukankhira m'mphuno kuti lilime ndi minofu ya kukhosi zisagwe n'kutseka njira. Tengani kapaipi komwera zakumwa, mukaviike m'botolo la madzi kuya masentimita 14, muuzire mpaka thovu litayamba kutuluka. Mphamvu mwagwiritsayo ndi imeneyo. Amayi amene anagonekapo khanda lobadwa masiku asanakwane ku Queens anaona makina a Pumani, aja okhala ndi botolo lamadzi lobwata thovu pambali. Nzeru yake ndi yomweyi. Ya akuluakuluyi anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, yemwe anafalitsa zotsatira zake mu 1981. Makina ambiri amayambira pa 4 kulekeza pa 20, ndipo anthu ochuluka amakhazikika pakati pa 6 ndi 14. Kukula kwa mkonono kapena kwa AHI sikutiuza nambala yoyenera. Wina wa AHI 60 amakhala bwino pa 8, wina wa 20 amafuna 13.

Njira yoyamba yopezera nambala ndi kugona kuchipatala usiku umodzi. Woyeza amayambira pa 4 kapena 5, n'kumakweza ndi 1 pakapita mphindi zosachepera 5, mpaka kubanika ndi mkonono zitatha. Sakhutira asanamuone munthu atagona chagada ali m'tulo ta maloto, chifukwa nthawi imeneyo minofu imalefukiratu ndipo khosi limafuna mphamvu yochuluka kuposa usiku wonse. Zipinda zoyezera zoterezi kuno n'zosowa, choncho njira yachiwiri ndiyo ingakuthandizeni msanga.

Yang'anani ngati pa makinawo palembedwa Auto, AutoSet kapena APAP. Makina otere amamva okha khosi likayamba kutsekeka, amakweza mpweya, zikadutsa amatsitsanso. Dokotala amawaikira malire, mwachitsanzo 5 mpaka 15, munthu n'kukagona nawo kunyumba sabata imodzi kapena ziwiri. Kenako timawerenga kakhadi kali m'makinamo. Ine ndimayang'ana zinthu zitatu: nambala imene inakwanira pa 90 kapena 95 peresenti ya usiku, mpweya umene ukuthawa m'mbali mwa masiki, ndi AHI yotsala, yomwe tikufuna ikhale pansi pa 5. Koma ngati bambowo ali ndi mtima wofooka, matenda okhalitsa a m'mapapo, kapena ndi onenepa kwambiri moti mpweya umawachepera ngakhale masana, auto siyowayenera, ayezedwe pamaso pa dokotala.

Zimene mwafotokozazi zikundionetsa kuti 14 wawachulukira. Mpweya wotsala ukulowera kum'mero wa chakudya, n'chifukwa chake mimba ikufufuma. Mluzuwo utha kukhalanso wa masiki yotha ntchito, poti mphira wake umafooka pakangopita miyezi, ndipo kukoka zingwe mwamphamvu kumangowonjezera kuthawa kwa mpweya. Gulani masiki ndi paipi zawozawo, za alamu zija zitayeni. Vuto la kungotsitsa mwachisawawa ndi lakuti mkonono ukhoza kuchepa inu n'kumagona mtima uli m'malo, pamene mpweya m'magazi ukutsikabe ndipo BP ikukwera.

Podikira kuonana ndi dokotala, yatsani ramp, yomwe imayambitsa mpweya pang'onopang'ono mpaka munthu atagona. Ngati makinawo ndi a kampani ya ResMed, pali EPR, imene imatsitsa mphamvu ndi 1 mpaka 3 potulutsa mpweya. Agone cham'mbali, mutu utakwera pang'ono, ndipo asadye nsima yambiri n'kupita kukagona pomwepo. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa zimafooketsa khosi, moti nambala yokwanira Lachiwiri imaperewera Loweruka usiku. Akadzachepa kapena kuwonjezera thupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ayezedwenso. Ngati zitapezeka kuti akufunadi 15 kapena kuposa ndipo akulephera kupirira, pali BiPAP, yomwe imapereka mphamvu ina pokoka mpweya, ina yocheperapo potulutsa.

Muonenso dzina la makinawo. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri, kuphatikizapo DreamStation yoyamba, chifukwa siponji ya mkati inkafumbutuka. Ngati ndi amenewo, afunseni alamu ngati anakonzedwa.

Funso: Magetsi akazima ndili m'tulo masiki ili kumaso, sindingabanike n'kufa? Bambo a ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Ayi bambo. Masiki yophimba mphuno ndi pakamwa ili ndi kachitseko komwe kamatseguka kokha makina akaima, ndipo ya mphuno yokha imasiya pakamwa poyera. Mudzadzuka chifukwa cha kusamva bwino, muivule, mugone cham'mbali. Ngati muli ndi batire kapena inveta, zimitsani chotenthetsera madzi cha pa makinawo, ndicho chimadya moto wambiri. Timabowo ting'onoting'ono ta pa masiki musamate ndi tepi poganiza kuti mpweya ukuwonongeka, mpweya woipa umene mwapuma umatulukira pamenepo.