Kamakina kanga ka braille kakuti "about" pamene ndalemba abusa

Kalata iyi yachokera kwa bambo wina wosaona wa ku Mufakose mu mzinda wa Harare, mlembi wa mpingo wawo. Akuti: "Ndimalemba zokambirana za pa msonkhano pa BrailleNote, ndipo mawu ena ndimawadula kuti ndisatsalire. Abusa ndimangolemba ab. Koma ndikati ndimvetsere, kamakinaka kamati about. Kodi kawonongeka?"

A Mlembi, khazikani mtima pansi, kamakinako kali bwinobwino. Kakuchita zimene kanauzidwa.

Pakati pa zala zanu ndi mawu amene mumamva pali ntchito ziwiri. Choyamba kamakina kamatembenuza timadontho kukhala zilembo wamba, potsata tebulo la braille limene mwasankha, ndiko kuti mndandanda wa zimene timadontho timaimira. Kenako mbali yolankhula imawerenga zilembozo. Mbali yolankhulayi siona timadontho ayi, imangolandira zimene yapatsidwa.

Vuto lanu lili pa ntchito yoyamba. Kamakina kanu kali pa Grade 2 ya Chingerezi, braille yodula mawu, ndipo mmenemo ab ali ndi mwini wake kale, ndiye about. Momwemonso m akaima yekha ndi more, k ndi knowledge, tm ndi tomorrow, ndipo chizindikiro cha ch, timadontho 1 ndi 6, chikaima chokha ndi child. Mukalemba ab, mawuwo amasanduka about asanafike n'komwe kwa wolankhula. Kuti mutsimikize, ikani cholozera pa mawuwo, muuze kamakina kakutchulireni chilembo chimodzichimodzi. Kakatchula a, b, o, u, t, ndiye kuti ndi tebulo. Kakatchula zilembo zimene munalembazo koma n'kumaziwerenga mokhota, vuto ndi katchulidwe.

Njira yachidule ndi kutsogoza timadontho 5 ndi 6, chizindikiro chouza kamakina kuti chotsatiracho si chidule. Imagwira ntchito, koma pa msonkhano anthu akulankhula mothamanga mudzaiwala. Ine ndikuti zolemba za Chichewa muzilembe mu Grade 1, yosadula. Zidule za Chingerezi anazipangira Chingerezi, ndipo m'Chichewa zimangosokoneza. Ngati mumagwiritsanso ntchito NVDA, pulogalamu yowerengera osaona zolembedwa pa kompyuta, kuyambira mu 2023 ili ndi tebulo la Chichewa cha ku Malawi.

Tsopano zidule zanuzanu. Musazitaye, ndi zimene zimakupulumutsani pamene akuluampingo atatu akulankhulira pamodzi. Makina ambiri olankhula, kuphatikiza BrailleNote, ali ndi dikishonale ya katchulidwe, momwe mumalemba mawu kenako n'kulemba mmene mukufuna amvekere. Sankhani chidule chopanda mwini, monga abu m'malo mwa ab, kapena chf m'malo mwa chifukwa. Pa mbali ya kamvekedwe musalembe abusa monga timalembera ife, chifukwa wolankhulayo ndi Mngerezi, adzakupotozerani. Mulembereni monga ah boo sah, mumvetsere, musinthe, mpaka khutu lanu livomere. Pamafunika kufatsa, makamaka pa mawu oyamba ndi ng' kapena mb, omwe lilime la Chingerezi silinazolowere. Ena mudzangowafikitsa pafupi basi.

Chenjerani pa chinthu chimodzi: dikishonaleyo imasintha mawu omveka okha, osati zolembedwa. Mukatumiza zokambiranazo kwa abusa pa WhatsApp, iwo adzaona abu ndi chf. Musanatumize, funafunani zidulezo ndi kuzibwezera mawu athunthu. Ndipo zimene mwaika mu dikishonale zidzamvekanso m'zolemba za Chingerezi, choncho pewani chidule chomwe ndi mawu enieni a Chingerezi kapena Chishona.

Mwatchulanso kuti mafayilo ena akale a braille amamveka ngati chibwibwi. Apo ndi nkhani ya UEB, braille ya Chingerezi yatsopano yomwe inavomerezedwa mu 2004. Inachotsa zidule 9 zakale, monga to, by, into, ble, com ndi ation. Kale kadontho 6 kotsatana ndi n kankaimira ation, lero ndi N wamkulu, ndiye nation wa m'buku lakale amatuluka nN. Mukamatsegula fayilo yotero, bwezerani kamakina pa braille yakale ya Chingerezi, mukatha mubwerere ku UEB. Buku likakukayikitsani kuti ndi la mtundu uti, funsani ku Dorothy Duncan Braille Library mu tawuni muno, kapena nditumizireni mzere umodzi wa m'fayiloyo ndikuonereni.