Mwana wanu si waulesi, mayi

Mayi wina wandilembera kuti: "Mwana wanga wa zaka 16 wasiya kulimbikira sukulu. Tsiku lonse ndi foni ndi anzake. Pano akuti asiya masayansi chifukwa anzake asiya. Ine ndikufuna adzakhale dokotala. Ndinamulanda foni, ndikumulonjeza yatsopano akakhoza bwino, koma palibe chasintha. Nditani?"

Makalata otere sasowa, ndipo amafanana: kholo lasankha kale ntchito, mwana wangouzidwa.

Mayi, mwana amene amagona mochedwa akuyankha anzake pa WhatsApp khama ali nalo, kungoti lalunjika kwina. Abraham Maslow, katswiri wa za maganizo a anthu, analemba mu 1943 kuti munthu akakhuta ndi kukhala motetezeka, chotsatira chimene amafuna ndi kukondedwa ndi kulandiridwa pagulu. Pa msinkhu umenewu gululo ndi anzake, osati inu. Zimawawa, koma ndi mmene zilili. Mu 2005 ofufuza awiri, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, anaseweretsa anthu gemu yoyendetsa galimoto pa kompyuta. Achinyamata ankayendetsa mosasamala kwambiri anzawo akamaonerera, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni.

Nkhani ya foniyo ndiyo yandikwiyitsa. Mu 1971 wofufuza wina, Edward Deci, analipira ophunzira ena a pa yunivesite kuti azilumikiza tizidutswa ta masewera oganiza, ena osawalipira. Malipiro atasiya, olipidwa aja chidwi chawo chinatsika. Mukamagula khama la mwana ndi mphatso, amaphunzira kuti buku ndi ganyu, ndipo ganyu amasiyidwa malipiro akatha. Deci ndi mnzake Richard Ryan anafotokoza pambuyo pake kuti khama lokhalitsa limamera pa zinthu zitatu: munthu adzisankhire yekha, aziona kuti akutha, ndipo akhale ndi anthu omugwirizana nawo. Inu mwamuchotsera choyambacho. Chachiwiri simunachifunse n'komwe. Chachitatu mukulimbana nacho.

Yambani ndi chachiwiricho. Ana ambiri amene amati "anzanga asiya" amakhala akubisa kuti phunzirolo linawataya kalekale, ndipo kunena kuti ukutsatira anzako n'kopepuka kusiyana ndi kuvomera kuti sukumva. Pitani kwa aphunzitsi ake, muone mapepala ake a masamu ndi kemisitiri, mufunse mutu umene zinthu zinayambira kusokonekera. Kenako khalani naye pansi tsiku lopanda mkangano, iye anene phunziro limene amaliona kuti amalitha, inu mutseke pakamwa mpaka amalize. Nthawi yowerenga asankhe yekha. Pakati pa anzakewo pali mmodzi amene amawerenga. Ameneyo muitaneni kunyumba aziwerengera limodzi.

Za udokotala ndikuuzeni mosabisa. Malo amakhala ochepa, amafuna magiredi apamwamba m'masayansi ndi masamu, ndipo maphunziro ake ndi a zaka zambiri. Mwana wokankhidwa sapirira zimenezo. Mwina lotoli ndi lanu, mayi.

Iwenso mwanawe, ngati mayi akuwerengetsa izi, usaseke. Anzakowo sadzakulembera mayeso. Ukasiya masayansi lero, watseka unesi, uinjiniya ndi ntchito za mu labotale nthawi imodzi, pa chifukwa choti ufuna kukhala kalasi imodzi ndi anzako. Ngati uli ndi chifukwa china, chinene, tichimve. Ngati ulibe, limba nawo teremu inanso, aphunzitsi akuthandize mutu umene unakutaya. Nthawi ikadalipo, ngakhale si yambiri.