Kwa achimwene ofunsa za mayeso a limba

Achimwene a ku Tsangano, mwati mwaliza kiyibodi m'tchalitchi kwa zaka 6, tsopano mukufuna satifiketi ya limba, ndiye muyambire pati. Ine ndili kuno ku Ulongwe, njira imeneyi ndinaiyendako ndipo inandipunthwitsa.

Musakhumudwe, koma khutu lanu labwinolo pa mayeso silikufikitsani patali. Kumeneko amafuna maso. Ambirife tinakulira solofa, m'mene "do" amasamuka malinga ndi kiyi ya nyimbo. Anzathu ophunzira m'Chipwitikizi, kwa iwo Dó ndi malo amodzi osasuntha, amene mabuku a Chingerezi amawatcha C. Ine zinthu ziwirizi zinandizunguza mutu miyezi ingapo. Ndiye ntchito yoyamba ndi kuwerenga manotsi a pa mizere isanu ija. Tsiku lililonse tsegulani buku la nyimbo pa tsamba lomwe simulidziwa, lizani pang'onopang'ono, mukalakwa osabwerera m'mbuyo.

Za mayeso enieniwo: bungwe loyesa za nyimbo la ku London lotchedwa ABRSM lili ndi magiredi 1 mpaka 8. Mumaliza pa limba nyimbo zitatu, masikelo (manotsi otsatizana okwera ndi otsika), kanyimbo komwe mwangokaona kumene, kenako amakuyesani khutu. Malikisi onse ndi 150, kukhoza ndi 100. Pamwamba pake pali Royal College of Organists, yomwe inayamba mu 1864, ndi masatifiketi ake CRCO, ARCO ndi FRCO, kuyambira yapansi mpaka yapamwamba. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa nayo imayesa limba. Kwa inu ndinganene kuti yambirani pansi, za ARCO muziike kaye pambali.

Pomwe pagona nkhani ndi mapazi. Limba lenileni lili ndi makiyi a pansi 30 kapena 32, opondedwa ndi nsonga ya nsapato ndi chidendene. Besi amapita kumapazi, dzanja lamanzere limatsala ndi tenala. Koma dzanja lija linazolowera besi, ndiye phazi likangosuntha nalonso limalondola ngati mwana wa mbuzi. Kulekanitsa ziwirizi kunanditengera nthawi kuposa china chilichonse. Poti limba la mapazi ndinalibe, ndinajambula makiyiwo ndi choko pa simenti, kiyibodi ili patebulo, n'kumaponda maso ali pa pepala. Akunyumba ankangoti bambo ayamba kuvina okhaokha. Zinathandiza ndithu, ngakhale nditakhala pa limba lenileni koyamba ndinkaponda awiriawiri chifukwa cha nsapato yotambalala. Pezani yopyapyala pansi, ya kachidendene pang'ono.

China, limba lilibe chopondera chotalikitsa mawu ngati piyano. Mukadzutsa chala, mawu afa pomwepo. Phunzirani kusinthana zala pa kiyi imodzi musanaisiye, kuti nyimbo isamadukeduke.

Ndiye kabatani ka transpose kaja, kamene kamatipulumutsa amayi a kwaya akati "yakwera, tsitsaniko", kamateni ndi selotepi. Pa mayeso apamwambawo mumatsitsa kapena kukweza nokha, ndi zala zanu, mukuwerenga.

Musanalipire kalikonse, lemberani bungwe loyesalo, mufunse komwe woyesa amafika komanso limba limene amalola. Mukamva, yendani m'mamishoni ndi m'mipingo ikuluikulu, ngakhale kuwolokera ku Dedza, mupemphe kwa abambo kapena abusa kuti muzikhalapo ola limodzi pa sabata. Mu Juni ndi Julayi, ndi chisanu chathu cha ku Angonia chija, muziyamba mwaotha kaye manja.