Achimwene a Hilux ya 1994, musathamangire V8

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati Hilux yanu ya 4x4, ya injini ya dizilo ya 3L ija ya malita 2.8, yayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, ndiye mukufunsa ngati muikemo Lexus V8 monga akuchitira ambiri kuno ku Joni, kapena injini ya dizilo ya Toyota ya KZ. Koma ine andigwira ndi mawu anu omaliza aja, akuti chaka chamawa muitengera kumudzi ku Ntcheu izikatuta chimanga ndi feteleza. Ngati ndi choncho, sankhani injini yoti makaniko wa pa Ntcheu boma kapena ku Biwi ku Lilongwe akangotsegula boneti aizindikire.

Ndikudziwa chimene chikukukokerani ku V8. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja, mpweya ndi wopepuka, ndiye injini yopanda turbo ngati 3L imachita befu. Pa M1 ya ku Joni ma taxi amakudutsa ngati waima. V8 imeneyi, 1UZ ya malita 4, imene inayambira mu Lexus LS400 mu 1989, ndi injini yolimba ndithu, sindingainyoze. Koma mtengo umene akukuuzaniwo ndi wa injini yokha. Pafunika adapter yolumikizira ku giyabokosi, ma mounting owotcherera, ekizozi yatsopano, radiator yaikulu, kompyuta ngati Spitronics kapena Dicktator, mawaya onse, pampu ya petulo. Komanso yanuyo ili ndi axle yolimba kutsogolo, ndiye sump, beseni la oyilo la pansi pa injini, ikapanda kusinthidwa izigunda pa diff mukangolowa m'dzenje. Mukamaliza zonsezi mwatsala ndi galimoto yomwa petulo kwambiri, kumudzi komwe mafuta akasowa anthu amagona pamzere. Ikadzazima kumunda chifukwa cha kawaya kamodzi, mudzaitana ndani?

KZ ndinaikapo mu yanga, ndiye ndikunena zomwe ndinaziona. 1KZ-TE ndi ya malita 3, ili ndi turbo, imakoka mosangalatsa ngakhale mutasenza. Vuto lake ndi hedi ya aluminiyamu, siifuna kutentha. Amene anandiikira anasiya radiator yakale ija, akuti idakali bwino, ine ndinavomera pofuna kupulumutsa ndalama. Kuno ku Joni inayenda miyezi osavuta. Tsiku lina mu October ndikupita kumudzi, nditadutsa Tete dzuwa likuswa mtengo, ndinayamba kukwera zitunda zopita ku Zobue nditadzaza katundu wa anthu. Singano yoonetsa kutentha kwa injini inangosuntha pang'ono. Poti ndiime, madzi anali akubwatamuka m'kabotolo, nthunzi ili tolotolo. Hedi inali itang'ambika. Ndinagona pambali pa msewu, katundu wa eni ake ali pamwamba, mafoni akungolira. Ndalama ya hedi ndi yokokera galimoto inaposa ya radiator yatsopano kutalitali. Mukasankha KZ, gulani radiator yatsopano tsiku lomwelo, fan ikhale yogwira bwino, ndipo mupeze injini yobwera ndi giyabokosi yake, kompyuta ndi mawaya ake.

Ine ndikanakhala inu ndikanaika 5L. Ndi ya banja limodzi ndi 3L yanu, yangokula kufika malita 3, ndiye imakhala pamalo pomwepo popanda kudula kapena kuwotcherera zambiri. Liwiro simudzaliona, kusiyana kwa mphamvu ndi kochepa, koma m'matope mukaika giya yotsika ija imangokwawa osadandaula. Injini zimenezi ndi zomwe zayendetsa maminibasi a Hiace kwathu zaka zonsezi, masipeya ake ali paliponse, kuyambira ku Limbe mpaka ku Mzuzu. Funsitsani kuti ikhale ya pampu wamba, chifukwa 5L-E pampu yake imayendera kompyuta.

Musanagule chilichonse, ayezeni kaye compression ya 3L yanuyo. Nthawi zina ndi ma ring, ma injector ndi hedi gasiketi basi, block ili bwinobwino. Kuikonzanso kumakupulumutsani ku mapepala, poti nambala ya injini sisintha.

Za mapepalazi musazitenge mopepuka. Injini ikasintha, nambala yatsopano iyenera kulowa mu NaTIS, kaundula wa magalimoto wa boma la South Africa, ndipo pamafunika police clearance ndi roadworthy. Wogulitsa akupatseni risiti yolembedwa nambala ya injiniyo, muifanizire ndi maso anu ndi yomwe yadindidwa pa block. Akakana kulemba, kapena nambala ikaoneka yopalidwa, chokanipo ngakhale mtengo utakoma bwanji. Potuluka nayo kukakhazikika kumudzi mudzafunikanso chikalata cha apolisi cha SARPCCO, chotsimikiza kuti galimoto si yakuba, ndipo pa Beitbridge kapena pa Mwanza nambala zikasiyana ndi za pa pepala galimoto ikhoza kutsala pomwepo.

Mukapeza 5L, auzeni ailize muli pomwepo ili yozizira, muone utsi wake, ndipo timing belt musinthe isanalowe m'galimoto. Tumizani chithunzi cha nambala ya pampu muno tikuthandizeni kuona ngati ili yawamba.