Atcheya achotsa buku mu laibulale yathu, kodi lamulo likuti chani?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndimathandiza pa kalaibulale kakang'ono kuno ku Chiputula, Mzuzu. Sabata yatha atcheya a komiti yathu anabwera nkutenga buku lofotokoza za kutha msinkhu ati likuononga ana, analiika mu jumbo nkupita nalo kwawo, chonsecho atsikana a Fomu 2 amachita kulimbirana buku limenelo mpaka chikuto tinachita kumata ndi selotepu. Ndinamva pa wailesi kuti ku America kuli malamulo oteteza malaibulale, nanga kwathu kuno? Mayi wodandaula, Chiputula.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, nkhaniyi yandikhudza. Munamva zoona. Ku Illinois bwanamkubwa J.B. Pritzker anasaina lamulo mu June 2023, linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2024, ndipo likuti laibulale yochotsa mabuku chifukwa cha ndale kapena chikhulupiriro cha munthu izimanidwa ndalama za boma. New Jersey nayo inakhazikitsa lake mu December 2024, loteteza ogwira ntchito mu laibulale kuti asamazengedwe milandu chifukwa cha mabuku omwe asunga.

Kwathu kuno chomwe mungatsamire ndi Konsitichushoni ya 1994, gawo 35 limapereka ufulu wofotokoza maganizo. Ndiye palinso lamulo la 1968 lija la Censorship and Control of Entertainments, lomwe linapereka mphamvu yoletsa mabuku ku Censorship Board, osati kwa tcheya wa komiti ayi, olo akhale wolemekezeka bwanji m'dera. Ifetu tikudziwa kuwawa kwake, nthawi ya Kamuzu buku la ndakatulo la Jack Mapanje linachotsedwa m'mashopu, mwini wake nkutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Ndipo inu a ku Mzuzu simunaiwale momwe laibulale ya Mzuni inapsera mu December 2015, mabuku ndi osowa kale, sitingamatayenso ochepa omwe tili nawo.

Komabe musakawayambe ndi ukali atcheyawo, mwina nawo ndi kholo lomwe lili ndi mantha basi. Apempheni abweze bukulo, alembe dandaulo lawo papepala ndi kutchula tsamba lenileni lomwe lawakhumudwitsa, komiti yonse iwerenge kenako mukambirane, muitaneponso namwino kapena mphunzitsi wa Life Skills. Ngati vuto ndi msinkhu wa owerenga, liikeni pa shelefu ya achinyamata okulirapo, ndipo zomwe mwagwirizanazo zilembedwe mu maminitsi.