Zonse zilipo, koma mtima sukukhuta

Wandilembera mdzukulu wina wa zaka 32 amene akugwira ntchito ku Lilongwe. Akuti: "Agogo, zimene ndinkapempha kwa Mulungu ndili pasukulu ndinazipeza. Ntchito yabwino ndili nayo, galimoto ndinagula, nyumba ndikumanga yangotsala denga. Loweruka timatsikira kunyanja ku Salima ndi anzanga, kuotcha nyama, kumwa mpaka mbandakucha. Koma Lamulungu madzulo ndikakhala ndekha mumtima mumangoti zii. Azakhali akuti alipo wandilodza. Mnzanga wina akuti ndipite kwa mneneri ndikafese mbewu. Ndigwire mtengo wanji?"

Mdzukulu wanga, wachita bwino kulankhula. Anyamata ambiri zoterezi amangozimeza n'kumazitsirira mowa. Ndiyambe ndi za thupi: ngati sukupeza tulo, chakudya sichikulowa, kapena maganizo ofuna kudzipha akukufikira, pita kuchipatala lero lomwe ndipo uuze m'bale amene umamukhulupirira. Kupemphera sikuletsa kuonana ndi dokotala. Koma mmene ndaimvera kalata yakoyi, palibe wakulodza. Azakhali akowo akulankhula mwachikondi, koma aphonya. Vuto lakoli ndi lakalekale, ndipo limakonda kugwira anthu amene zinthu zawayendera.

Tsegula Mlaliki mutu 2 uwerenge wekha. Munthu wa m'menemo anadzimangira nyumba, analima minda ya mpesa, anakumba madamu othirira mitengo, anali ndi antchito, ng'ombe, nkhosa, siliva, golide, ngakhale oyimba akeake. Chilichonse chimene maso ake anasirira sanadzimane. Atamaliza anatembenuka n'kuyang'ana zonsezo, n'kunena kuti ndi zachabechabe. Mawu amenewa akanachokera kwa mmphawi tikanati ndi nsanje. Achokera kwa munthu amene analawa zonse mpaka kunyambita zala.

Pali munthu wina wa kuno ku Africa amene ndimafuna achinyamata azimudziwa. Dzina lake Augustine. Anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero timati Algeria. Anali wanzeru zoopsa, wodziwa kuyala mawu. Mayi ake, a Monica, anali Mkhristu womupempherera ndi misozi, koma iye Baibulo ankaliona ngati buku la anthu osaphunzira. Anaphunzira ku Carthage, anakaphunzitsa ku Roma, ndipo mu 384, ali ndi zaka pafupifupi 30, anapeza ntchito yapamwamba yophunzitsa luso la kulankhula pagulu ku Milan, mzinda umene mfumu ya Aroma inkakhala nthawi imeneyo. Kwa mnyamata wochokera m'katauni kakang'ono, kumeneko kunali kufika.

Tsiku lina ankakonzekera zokalankhula potamanda mfumu, mawu amene iye mwini ankadziwa kuti ambiri ndi abodza, ndipo omvera adzaombera m'manja akudziwanso kuti ndi abodza. Akudutsa mumsewu wina wa ku Milan, mtima uli phaphapha ndi nkhawa, anaona munthu wopemphapempha ataledzera, akuseka, akuchita nthabwala. Augustine anausa moyo n'kuuza anzake kuti chimwemwe chimene iwo ankachivutikira ndi maphunziro onse aja, wopemphayo anali atachipeza ndi timakobidi tochepa topatsidwa panjira. Sikuti anasirira mowawo ayi. Ankadziwa kuti kusangalala kwa woledzera si kwenikweni. Chimene chinamubaya ndi chakuti wopemphayo usiku womwewo mowa umuthera m'mutu, pamene iye ankagona ataledzera ndi ulemu ndi kutchuka, n'kudzukanso ali chiledzerere, tsiku ndi tsiku.

Mu 386, akulira pansi pa mkuyu m'munda wa panyumba imene ankakhala, anamva mawu a mwana kunyumba yoyandikana akuyimba mobwerezabwereza kuti atenge awerenge. Anatsegula makalata a Paulo n'kugwera pa Aroma 13:13-14, pamene pakuti tileke maphwando a kuledzera, chiwerewere, ndewu ndi kaduka, tivale Ambuye Yesu Khristu. Anasiya ntchito ija, anabatizidwa ndi bishopu Ambrose pa Pasaka wa 387, anabwerera ku Africa, ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Hippo mpaka kumwalira kwake mu 430. Ndiye amene analemba kuti Mulungu anatilengera Iye mwini, ndipo mtima wathu supuma mpaka utapumula mwa Iye.

Ndiye zimene ukumva Lamulungu madzulozo usachite nazo mantha. Ndi nthawi yokhayo pa sabata imene phokoso limatha, mtima wako n'kupeza mpata wokuuza zoona. Uthokoze kuti wazimva uli ndi zaka 32. Ena amazimva atapuma pantchito, ana atabalalika, mawondo atatha.

Za kufesa mbewu kwa mneneri, ndikuuze mosapsatira: usapite. Sindikunena kuti abusa onse a mipingo yatsopano ndi akuba, alipo ambiri oopa Mulungu. Koma munthu amene akukulonjeza kuti ukapereka ndalama zakutizakuti Mulungu akubwezera galimoto yachiwiri, akukugulitsa chinthu chomwecho chimene chakulephera kale. Yoyambayo yakukhutitsa? Pa Machitidwe 8 pali Simoni wa ku Samariya amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Petro sanamupatse envelopu. Anamuuza kuti ndalama zakezo ziwonongeke naye pamodzi.

Usathamangirenso kugulitsa galimoto kapena kusiya ntchito poganiza kuti chiyero chili mu umphawi. Ife amene tinaona njala ya 2002, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, sitingakuuze kuti kusowa n'kokoma. Lidiya wa pa Machitidwe 16 anali mayi wa bizinesi wogulitsa nsalu zodula, ndipo nyumba yake ndi imene inasunga Paulo ndi anzake ku Filipi. Mlaliki yemwe uja akunenanso kuti kudya, kumwa ndi kukondwera ndi ntchito yako ndi mphatso ya Mulungu. Nyumbayo uimalize, ufolere bwino.

Koma uwerenge Luka 12, nkhani ya mwini chuma amene munda wake unabereka kwambiri, n'kuganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu. Kukolola zambiri sikunali kulakwa kwake. Tamuyang'anitsitsa munthuyo: akukambirana ndi mtima wake yekha. Aganyu amene anamulimira sakuwatchula. Wamasiye wa pafupi sakumukumbuka. Mulungu amene anagwetsa mvula sakumuyamika. Akungodziuza kuti puma, idya, imwa, sangalala, zaka zambiri zili m'tsogolo. Usiku womwewo moyo wake unafunidwa. Ife a kuno sitifuna wotiphunzitsa kuti zinthu zimatembenuka usiku umodzi. Mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo mu November chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, amene anasunga ndalama kubanki n'kudzuka atasauka ali m'nyumba mwawo.

Nanga uchite chiyani? Zimene ndikuuze sizikoma m'khutu ngati za mneneri, chifukwa ndi zing'onozing'ono ndipo zimafuna kubwereza. Mamawa usanagwire foni, werenga Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu umodzi, pang'onopang'ono. Ukafika pa mutu 4 ukhalepo masiku angapo. Mayi wa ku Samariya uja anakhala ndi amuna asanu, wachisanu ndi chimodzi sanali wake, ndipo Yesu sanamutukwane, anangomuuza kuti aliyense womwa madzi a pachitsimepo adzamvanso ludzu. Popemphera usakometse mawu ngati ukulankhula pa ukwati. Muuze Mulungu mmene wandiuzira inemu, kuti zonse zilipo koma mumtima muli gwa.

Chachiwiri, ulowe pakati pa anthu. Kutchalitchi kwanu kuli mlaga kapena mphakati umene umakumana m'nyumba za anthu mkati mwa sabata. Pita, ukakhale pa mphasa ndi alonda, amayi ogulitsa mandasi ndi agogo ngati ine, anthu amene sadziwa kuti kuofesi amakutcha bwana. Maliro akagwa kumudzi usamangotumiza chipepeso pafoni. Pita ukagone pasiwa, uyimbe nawo nyimbo za usiku, mawa unyamule nawo bokosi. Pezanso mwana mmodzi wamasiye amene akukanika fizi ya sekondale, uzimulipirira mwakachetechete, osaika chithunzi pa Facebook. Pa zonse zimene ndaona m'moyo, palibe chimene chimapepula mtima wa munthu wandalama ngati kupereka popanda womuombera m'manja.

Za kunyanjazo, nyanja ilibe tchimo, Yesu mwini ankakonda kukhala m'mbali mwa nyanja ndipo anaotcherako ophunzira ake nsomba. Koma iwe ukudziwa zimene zimachitika kumeneko dzuwa likalowa, ndipo sunandiuze zonse. Ngati pali mwana wa eni ake amene ukumusewera, kapena awiri amene aliyense akuganiza kuti ali yekha, konza zimenezo msanga. Sungapemphe mtendere kwa Mulungu uku ukulilitsa ena. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Usayembekeze kuti zonse zisintha pa sabata imodzi. Masiku ouma adzabwerabe, ngakhale kwa ife amene takalambira m'tchalitchi amatifikira. Paulo analembera Afilipi ali m'ndende kuti anachita kuphunzira kukhala wokhutira, pokhuta ndi pomva njala pomwe. Ngati mtumwi anachita kuphunzira, iwenso ulole kuyamba sitandade 1.

Upeze mkulu wa mpingo kapena m'busa wokhwima amene ungamuuze zonse, ngakhale zamanyazi, munthu woti azikufunsa mafunso ovuta mwezi ndi mwezi. Koma tsiku loyamba kukamuona, galimoto uisiye kunyumba ukwere minibasi. Ukafika ndi galimoto yakoyo, ena amayamba kukuuza za denga la tchalitchi limene likudontha, nkhani yako isanayambe n'komwe.