Katswiri akachira, mphindi zake zimachokera kwa ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga athu. Ndiifupikitse. Timu ya basketball imene amasapota yasewera miyezi itatu popanda katswiri wake, yemwe anavulala bondo. Pamalo pake panalowa mnyamata wachichepere, ndipo mnyamatayo wasewera bwino moti timu yakhala ikupambana. Tsopano katswiri uja wachira, wabwerera m'bwalo, koma timu yagonja magemu awiri otsatizana. Funso lawo nali: "Kodi kochi walakwa kumubwezera msanga m'gulu la osewera oyamba? Nanga mnyamata uja, ntchito yonse wagwira ija, basi azingokhala pabenchi?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ndaliganizira masiku angapo, chifukwa nane zimandikhudza ndikaona mwana amene wanyamula timu pa nthawi yovuta akubwezedwa pabenchi ngati palibe chimene anachita. Komabe tiyambe ndi masamu, poti mtima wokha ungatisocheretse.

Mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, gemu imatenga mphindi 48, ndipo timu imakhala ndi osewera 5 m'bwalo nthawi iliyonse. Ndiye kuti kochi ali ndi mphindi 240 zoti agawe. M'mipikisano yoyendera malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, gemu ndi ya mphindi 40, choncho zogawa n'zokwana 200 basi. Palibe kochi amene angawonjezerepo ngakhale mphindi imodzi. Katswiri amene amasewera mphindi 34 akavulala, mphindi zakezo sizitayika, anzake amagawana. Wina amene ankasewera 15 amafika 30, wina amakwera kuchoka pa 20 kufika 27, ndipo wina amene sankavula n'komwe jekete amapeza 12. Tsiku limene mwiniwake wabwerera, onsewa amayenera kubweza. Ife osapota timaganiza kuti timu yawonjezera munthu, pamene kochi akuona kuti ayenera kulanda anthu atatu kapena anayi chinthu chimene achizolowera kwa miyezi itatu.

Ndipo amene amapwetekeka kwambiri kawirikawiri si mnyamata wanu uja. Iye akachoka pa mphindi 30 kufika 24 amakhalabe m'gulu. Wopwetekeka ndi uja wa nambala 9 kapena 10 pamndandanda. Mudzamuone bwino pagemu yotsatira. Kota yoyamba ikamatha, pa nthawi imene wakhala akulowa, amayamba kumasula zipi ya jekete lake, n'kusuzumira kwa kochi. Kochi sacheuka. Kenako amakokanso zipi ija pang'onopang'ono, n'kutsamira. Makochi ambiri amagwiritsa ntchito osewera 9 kapena 10 m'kati mwa sizoni, ndipo ikafika nthawi ya playoffs, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni, amatsika kufika pa 8, ena 7. Wina akalowa pamwamba, wina amagwa pansi, ndipo amene wagwayo nthawi zambiri amakhala amene ankagwira ntchito zosaoneka: kutchingira anzake njira, kulimbirana mpira wodunda pabolodi, kumaka wosewera wovuta wa timu inayo. Timu ikagonja anthu amaloza katswiri wobwerera, osadziwa kuti chimene chasowa ndi ntchito ya munthu amene sanalowe n'komwe.

Mphindi ndi mbali imodzi chabe. Mpira nawo ndi umodzi, ndipo timu ili ndi masekondi 24 oti iponye. Pamene katswiri kunalibe, anzake anaphunzira kupatsirana msanga chifukwa panalibe womudalira. Iye akabwerera, chizolowezi chakale chimabweranso: amamupatsa mpira, n'kuima chilili kumuyang'ana. Koma munthu amene akumupatsa mpirayo si uja anachoka miyezi itatu yapitayo. Bondo likhoza kupola, koma mtima wolikhulupirira umachedwa. Muoneni akadumpha, amatera ndi mwendo wabwinowo. Akafuna kudutsa womumaka, amayamba bwino koma pa sitepe yachiwiri amazengereza pang'ono, ndipo kakuzengereza kameneko n'kokwanira kuti mpata utsekeke. Potchinga ndiye zimaonekera kwambiri, chifukwa kuyenda chammbali ndi kumene kumabwerera mochedwa, ndipo timu inayo imadziwa. Amamulunjika dala.

Pamwamba pa izo pali madokotala a timu. Iwo amauza kochi kuti munthuyu asapitirire mphindi 20, asasewere nthawi yaitali osapuma, ndipo timu ikakhala ndi magemu masiku awiri otsatizana, imodzi apume. Taganizani kochi amene wapatsidwa malire amenewa. Akamuyambitsa kota yoyamba ndi yachitatu, mphindi zimatha gemu isanafike pothina. Akamusungira kumapeto, thupi limazizira pabenchi. Lero kasinthidwe ka osewera kali mwakuti, mawa katswiri wapuma ndiye kasintha, mkuja kasinthanso. Osewera amadalira kudziwa nthawi yawo yolowa ndi anzawo olowa nawo, ndiye kwa milungu iwiri kapena itatu aliyense amakhala ngati mlendo m'timu yake yomwe. Musawadandaule madokotalawo. Mu 2019 Kevin Durant, katswiri wa Golden State Warriors pa nthawiyo, anabwerera mu gemu yachisanu ya fainali ya NBA (fainaliyi imakhala ya magemu angapo) atakhala panja mwezi wathunthu ndi vuto la katumba, ndipo atasewera mphindi pafupifupi 12 mtsempha wa chidendene unaduka. Sizoni yotsatira yonse sanasewere.

Tsono pa funso lanu lenileni, loti kochi walakwa kapena ayi. Mbiri ya masewerawa ili ndi mayankho a mbali zonse, ndipo atatu mwa iwo anachitika pa timu imodzi, Golden State Warriors, pansi pa kochi mmodzi, Steve Kerr.

Mu 2014, sizoni isanayambe, David Lee anavulala mnofu wakumbuyo kwa ntchafu. Lee sanali munthu wamba, anali atasankhidwapo kawiri kukasewera gemu ya All-Star, ya akatswiri osankhidwa mu ligi yonse. Pamalo pake analowa Draymond Green, amene anali m'chaka chake chachitatu. Timu inayenda bwino kwambiri moti Lee atachira sanabwezeredwe malo ake. Anakhala pabenchi, magemu ena osalowa n'komwe, ndipo Warriors inapambana magemu 67 n'kutenga chikho mu 2015. Apa mnyamata anapambana, chifukwa zimene ankachita potchinga ndi popatsira zinkagwirizana bwino ndi akatswiri a timuyo, Stephen Curry ndi Klay Thompson, kusiyana ndi zimene Lee ankachita.

Patapita zaka, Kerr yemweyo anachita zosiyana. Thompson anavulala bondo mu fainali ya 2019, kenako mu November 2020 mtsempha wa chidendene unaduka. Anabwerera pa 9 January 2022 patatha masiku 941, ndipo analowa mwachindunji m'gulu la oyamba, n'kugoletsa mapointi 17 m'mphindi pafupifupi 20 polimbana ndi Cleveland Cavaliers. Jordan Poole, amene ankasewera bwino pamalopo, anapita pabenchi. Koma taonani zimene zinachitika mu April chaka chomwecho. Curry atachira phazi, iye mwini, katswiri wamkulu wa timuyo, anayambira pabenchi magemu 4 oyamba a playoffs polimbana ndi Denver Nuggets, Poole n'kumayamba. Poole anagoletsa 30 m'gemu yoyamba, Curry 34 m'gemu yachiwiri akuchokera pabenchi. Chaka chimenecho anatenganso chikho. Nkhani ya Curry imandisangalatsa kuposa zonse, chifukwa katswiri wamkulu akavomera kukhala pansi kwa kanthawi, palibenso wina m'timu amene angatupe mtima ndi mphindi zake.

Chitsanzo chowawa ndi cha Orlando Magic mu 2009. Jameer Nelson anavulala phewa mu February, timu inatenga Rafer Alston kuchokera ku Houston, ndipo ndi Alston anafika mpaka mu fainali. Nelson anabwerera mu fainali momwemo, atakhala miyezi inayi osasewera. Kochi Stan Van Gundy anayamba kugawa mphindi pakati pa awiriwa, ndipo mu gemu yachinayi, masekondi omaliza, Nelson ndi amene anali m'bwalo pamene Derek Fisher wa Los Angeles Lakers anaponya mpira wa mapointi atatu umene unafananitsa zigoli. Lakers inapambana fainaliyo ndi magemu 4-1. Sindinganene kuti Orlando ikanatenga chikho popanda Nelson, Lakers inali timu yamphamvu. Chimene ndikuona n'chakuti panalibe nthawi yoti munthu apeze fomu kapena yoti anzake amuzolowerenso. Kusintha kumene kumafuna milungu kunachitika m'masiku, pa siteji yaikulu kuposa zonse.

Timu yanu siili mu fainali, ndipo mwayi wake ndi umenewo. Magemu awiri sangakuuzeni kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ine ndingadikire magemu 10 ndisanaweruze kochi. Ngati katswiri wanu ndi katswiridi, ndi bwino kugonja magemu angapo panopa akupeza miyendo yake kusiyana ndi kufika naye kumapeto kwa sizoni asanazolowerane ndi anzake. Pamenepa kochi wanu ndikumuikira kumbuyo.

Pamene sindingamuikire kumbuyo ndi ngati akuyesa kubwezeretsa timu ya miyezi itatu yapitayo ndendende, ngati kuti palibe chimene waphunzira. Kuvulala kuja kwamuonetsa kuti ali ndi wosewera wina amene angathe kunyamula katundu. Kochi wanzeru amawasiyanitsa nthawi zolowa: katswiri amatuluka msanga m'kota yoyamba, mnyamata n'kulowa kudzatsogolera gulu la pabenchi, mpira uli m'manja mwake, akulimbana ndi osewera a pabenchi a timu inayo. Akatero timu imakhala ndi munthu wodalirika m'bwalo mphindi zonse. Kenako amawayesa limodzi, chifukwa ngati awiriwa angathe kusewerera pamodzi ndiye kuti woyenera kuchepetsedwa mphindi ndi wina. Funso lalikulu pamenepo ndi lakuti akakhala onse m'bwalo, ndani akumaka wosewera woopsa wa timu inayo. Likayankhika limenelo, zina zonse n'zosavuta.

Choncho gemu yotsatira musavutike ndi mayina 5 amene alengezedwe poyamba. Tengani pepala, mulembe mphindi zimene mnyamata wanu wasewera, kangati waponya, ndiponso ngati mpira ukumadutsa m'manja mwake kapena wangoimikidwa pakona. Kenako dikirani mphindi 5 zomaliza pagemu imene zigoli zili pafupi, muone amene kochi wawasiya m'bwalo. Ngati mnyamata uja alipo pa nthawi imeneyo, malo ake sanatayike. Ngati patatha magemu 10 akungoonerera ali pabenchi, timu n'kumagonjabe, mudzandilemberenso, ndipo mudzanditumizire pepala lanulo kuti tidzaliwerengere limodzi.